Mafuta a Nsomba ndi Mtima Wanu: Kabuku ka Pabanja

Mawu oyamba

Kabukuka ndi ka aliyense amene amagula ndiwo, kuphika kapena kugawa chakudya pakhomo. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, magulu a amayi komanso makomiti a m'mipingo ndi m'mizikiti angathe kukagwiritsa ntchito pophunzitsa anthu.

Mfundo yake ndi imodzi. Mafuta othandiza mtima, aja amagulitsidwa modula m'mabotolo ku famase, alimo kale mu usipa, utaka, matemba ndi kapenta. Chofunika n'kudziwa kusankha nsombazo pamsika, kuzisunga bwino, kuziphika mosawononga ubwino wake, ndiponso kuzidya kawiri kapena katatu pa sabata.

1. Matenda olowa osaodira

Kale anthu ankati BP ndi matenda a mabwana a m'tauni. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita limodzi ndi bungwe la World Health Organization (WHO) m'chaka cha 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Vutoli linapezeka kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri mwa anthuwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Bungwe lomweli linati m'chaka cha 2019 matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni padziko lonse, ochuluka a iwo m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Mitsempha yonyamula magazi kuchokera kumtima ili ngati mapaipi a madzi: mkati mukamatirira zinthu, njira imachepa, ndipo pampu imagwira ntchito yakalavulagaga. BP yokwera, fodya, matenda a shuga ndi cholesterol woipa zimavulaza khungu lamkati la mtsempha. Pamalo ovulalawo mafuta amayamba kuunjikana, pamatupa, kenako pamalimba. Izi zimatenga zaka zambiri munthu akulima, akupalasa njinga, osamva kupweteka kulikonse. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mnofu wa mtima umayamba kufa. Ukatsekeka kapena kuphulika mtsempha wa mu ubongo, munthu amagwidwa sitiroko: pakamwa pamakhota, mbali imodzi ya thupi imafa. Kumudzi amati wamenyedwa hamala, achibale n'kuyamba kulozana zala, pamene nthendayo inayamba kalekale m'mitsempha.

2. Omega-3 n'chiyani?

Mafuta amene timadya ndi osiyanasiyana. A nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba amagwirana akazizira, ndipo akachuluka m'zakudya amakweza cholesterol woipa m'magazi. A nsomba amakhalabe amadzimadzi. M'mafuta a nsombawa muli tizigawo tiwiri tofunika kwambiri, EPA ndi DHA, ta m'gulu la mafuta lotchedwa omega-3.

Gwero la mafutawa ndi ndere zosaoneka ndi maso zimene zimayandama m'madzi. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja timadya nderezo, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, ndipo ncheni ndi kampango zimadya nsomba zazing'onozo. Wodya usipa ndiye kuti watola mafutawa pafupi ndi pomwe ayambira.

Palinso omega-3 wa ku zomera, wotchedwa ALA, amene amapezeka mu soya ndi m'mafuta ophikira a soya. Thupi limatha kusandutsa ALA kukhala EPA ndi DHA, koma kagawo kochepa kwambiri. Mtedza, nsinjiro ndi mapeyala zili ndi mafuta abwino a mtundu wina. Muzidya ndithu, kungoti sizingalowe m'malo mwa nsomba.

3. Ntchito yake m'thupi

EPA ndi DHA amalowa m'zikuta za maselo a mtima, a mitsempha, a ubongo ndi a maso. Kumeneko:

- Amachepetsa mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides, amene chiwindi chimapanga ambiri munthu akamamwa mowa, akamadya za shuga kwambiri kapena akanenepa mopitirira.
- Amathandiza mitsempha kumasuka, motero BP imatsikako pang'ono.
- Amachepetsa kumatirirana kwa maselo amene amaundanitsa magazi.
- Amaziziritsa kutupa kwa mkati mwa mitsempha.

Pali phindu linanso losavuta kuliona. Tsiku limene mwadya nsomba, simunadye soseji, zamkati zokazinga kapena nyama yonona. Kusinthanitsa kumeneku pakokha kumapepukitsira mtima ntchito.

Dziwaninso malire ake. Omega-3 satsitsa cholesterol woipa, sachiza matenda a shuga, ndipo satsegula mtsempha umene watsekeka kale. Kutsika kwa BP kumene amabweretsa n'kochepa, kosafika pa mphamvu ya mankhwala a kuchipatala. Ngati a dokotala anakupatsani mankhwala a BP, pitirizani kumwa tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino ndiponso mukudya nsomba.

4. Nkhaniyi inadziwika bwanji?

M'chaka cha 1970, madokotala awiri a ku Denmark, Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg, anapita ku Greenland kukayeza magazi a anthu a mtundu wa Inuit, amene chakudya chawo chinali nsomba ndi nyama zonona za m'nyanja. Anapeza kuti ngakhale anthuwo ankadya mafuta ambiri, triglycerides m'magazi mwawo anali ochepa kusiyana ndi a anthu a ku Denmark. Apa m'pamene akatswiri anayamba kufufuza za mafuta a nsomba.

Umboni wamphamvu unabwera m'chaka cha 1989 kuchokera ku Britain. Amuna oposa 2,000 amene anadwalapo mtima anagawidwa m'magulu, ena n'kulangizidwa kuti azidya nsomba zamafuta kawiri pa sabata. Patatha zaka ziwiri, imfa pakati pa olangizidwawo zinali zochepa ndi 29 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Kuyambira pamenepo, kafukufuku wa m'mayiko ambiri wakhala akusonyeza kuti anthu odya nsomba mlungu ndi mlungu safa ndi matenda a mtima kawirikawiri ngati amene sazilawa n'komwe. Phindu lalikulu limaoneka munthu akachoka pa kusadya n'kufika pa kudya kamodzi kapena kawiri pa sabata. Kudya mopitirira apo sikuwonjezera zambiri.

5. Nsomba ziti, zochuluka bwanji?

Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO m'chaka cha 2008 anati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 250 a EPA ndi DHA patsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 300. Poti thupi limasunga mafutawa, sikuti muzidya nsomba tsiku ndi tsiku. Bungwe la American Heart Association limalangiza kudya nsomba kawiri pa sabata, makamaka zamafuta.

Muyeso wa munthu wamkulu pa chakudya chimodzi ndi uwu:

- Nsomba yaiwisi: chidutswa chachikulu ngati chikhatho chanu, pafupifupi magalamu 100.
- Nsomba zazing'ono zouma: dzanja limodzi lodzaza, pafupifupi magalamu 30, chifukwa madzi anachokamo kale.

Nsomba za m'nyanja zamchere zozizira, monga makerele, sadini ndi salimoni, ndizo zili ndi omega-3 wochuluka: galamu imodzi kapena kuposa apo pa magalamu 100 alionse. Karapau ndi nsomba za m'zitini za mtundu wa sadini zimapezeka m'mashopu ndi m'mabutchala ambiri. Abale okhala ku South Africa ndi ku Britain ali nazo pafupi nsomba zimenezi.

Nsomba za m'madzi athu zili ndi omega-3 wocheperapo, n'chifukwa chake tikuti kawiri kapena katatu. Usipa, utaka, ndunduma ndi ncheni za pa Nyanja ya Malawi, matemba a ku Chilwa, kapenta wa ku Kariba ndi Cahora Bassa, mlamba ndi kampango, zonsezi n'zothandiza. Chambo ndi makumba ndi ndiwo zabwino zomanga thupi, koma mnofu wake ulibe mafuta ambiri. Choncho musadzione otsalira chifukwa thumba lanu lakwanitsa bonya yekha. Nsomba zazing'ono timadya zathunthu, mutu, maso ndi minga zomwe, motero timapezamonso calcium wolimbitsa mafupa, iron wowonjezera magazi, zinc ndi mavitamini. Amene sadya nsomba zopanda mamba chifukwa cha chipembedzo sakutaya kanthu: usipa, utaka, matemba ndi ncheni zili ndi mamba.

6. Pogula ndi posunga

Omega-3 sachedwa kuwonongeka. Adani ake ndi mpweya, dzuwa, kutentha ndi nthawi. Nsomba youma ikakhalitsa, mafuta ake amavunda, ubwino uja n'kutha ngakhale nsombayo ikuoneka yadyeka.

Pogula zouma:

- Nunkhizani. Fungo likhale la nsomba, osati lachikale, lachuku kapena lamankhwala.
- Yang'anani mtundu. Usipa wabwino umawala ngati siliva. Ukasanduka wachikasu chodera kapena wofiirira, wakhalitsa.
- Fufuzani pansi pa mulu. Mukaona ufa wambiri, mphutsi kapena tizilombo, pitani pa benchi ina.
- Sankhani zoyanikidwa pathandala kapena m'nyumba zoyanikira za pulasitiki. Zoyanikidwa pamchenga zimakhala ndi mchenga ndi zonyansa.
- Zowamba zikhale zofiirira bwino. Zakuda bii, zopserera, zimakhala ndi zinthu zoipa za mu utsi.

Pogula zaziwisi, maso akhale owala, makha ofiira, ndipo mnofu uzibwerera mukaudina ndi chala. Phikani tsiku lomwelo ngati mulibe firiji.

Kunyumba, sungani nsomba zouma m'chidebe chotseka bwino, pamalo ouma, amthunzi ndi ozizira, kutali ndi mbaula. Gulani zokwanira milungu yochepa basi. Musathire m'nsomba mankhwala osungira chimanga kapena ophera tizilombo. Amenewo ndi poizoni.

Nsomba zimadula nthawi ya mvula, pamene kuyanika kumavuta, komanso nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, monga zimachitikira kwa makoka ena pa Nyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala. Miyezi imeneyi idyani nsomba ngakhale kamodzi pa sabata, masiku enawo soya, nyemba, nandolo ndi mazira. Osagula tiana ta nsomba tophedwa ndi masikito: timeneto ndi chambo ndi utaka wa chaka chamawa.

7. Kaphikidwe koteteza mtima

Zinthu ziwiri zimafafaniza ubwino wa nsomba kukhitchini: mchere ndi chiwaya.

Mchere umakweza BP. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Timakyubu tokometsera ndiwo, soda, soseji ndi buledi zilinso ndi mchere wobisika. Bakayawo ndi nsomba zina zamchere muziviike m'madzi maola angapo, musinthe madziwo kawiri kapena katatu, ndipo pophika musathirenso mchere. Kometsani ndiwo ndi mandimu, adyo, anyezi, jinja ndi tsabola. Pakatha milungu ingapo lilime limazolowera.

Nsomba yomizidwa m'mafuta owira imamwa mafuta ophikirawo, ndipo ena mwa mafuta ake abwino amatsalira m'chiwaya. Mafuta akamabwerezedwa mpaka kuda, amasanduka oipa ku mitsempha. Kafukufuku amasonyeza kuti nsomba yokazinga chotere sipindulitsa mtima ngati yowiritsa, yootcha kapena yophika m'msuzi.

*Usipa wotendera, wa anthu 5*

Zofunika: usipa wouma manja 5, tomato 3, anyezi 1, nsinjiro masupuni akuluakulu 4, madzi makapu 2, mchere theka la supuni ya tiyi.

1. Sankhani usipa, muutsuke kawiri m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke. Mitu isiyeni, m'maso ndi mu ubongo wa nsomba muli DHA. Ngati ana akudandaula kuwawa, gulani usipa wofutsa.
2. Wiritsani usipa, tomato ndi anyezi m'kapu imodzi ndi theka ya madzi kwa mphindi 10.
3. Sungunulani nsinjiro m'madzi otsalawo, thirani mumphika, takasani.
4. Phikani pamoto wochepa mphindi zina 10. Mafuta ophikira safunika.

*Nsomba yaiwisi ya m'msuzi*

Njirayi ndi ya utaka, ncheni, mlamba, kampango kapena karapau. Palani ndi kutumbula nsomba, pakani mandimu ndi adyo. Kazingani anyezi ndi tomato m'supuni imodzi yaikulu ya mafuta, thirani kapu ya madzi, ikanimo nsomba, vundikirani. Iwire pamoto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, kufikira mnofu utapsa mpaka mkati. Khungu musalitaye, chifukwa mafuta ambiri amakhala pansi pake ndi chapamimba. Msuzinso ugawidwe wonse.

*Ufa wa usipa wa m'phala*

Tsukani usipa kapena matemba, muumitse, kenako kazingani pamoto wochepa popanda mafuta mpaka zitauma gwa. Sinjani, sefani kuti minga isatsale. Thirani supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri m'phala la mwana likuwira. Ufawu mungathirenso m'ndiwo zamasamba kapena m'phala la agogo amene mano anatha. Pangani wochepa, wa sabata imodzi kapena ziwiri, muusunge m'botolo lotseka.

Nsomba ndi gawo limodzi chabe la mbale. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, zamasamba ndi zipatso zisasowe. Nsima ya mgaiwa, nkhwani kapena bonongwe, usipa wotendera ndi nthochi kapena papaya pambuyo pake ndi chakudya chokomera mtima ndi thumba lomwe.

8. Nanga makapisozi a mafuta a nsomba?

Ambiri amaganiza kuti cha m'botolo ndicho champhamvu. M'chaka cha 2018 munatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa magulu awiri: wina wa ku Britain, wa anthu odwala shuga oposa 15,000, wina wa ku United States, wa anthu oposa 25,000. Onsewa ankamwa kapisozi wa galamu imodzi patsiku kwa zaka zingapo, ena wa mafuta a nsomba, ena wongoyerekezera. Pophatikiza sitiroko, kudwala mtima ndi imfa, kusiyana pakati pa omwa mafuta a nsomba ndi omwa kapisozi wongoyerekezera kunali kochepa moti akatswiri sanakuwerengere.

Kumene makapisozi amagwira ntchito ndi kwa odwala amene triglycerides awo akwera kwambiri. Oterewa dokotala amatha kuwalembera magalamu 2 mpaka 4 patsiku. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho, wa anthu oposa 8,000 amene anali kale pa mankhwala otsitsa cholesterol, anapeza kuti magalamu 4 a EPA woyengedwa anachepetsa mavuto a mtima ndi 25 peresenti. Amenewo ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, osiyana ndi botolo logula pashelefu. Komanso mlingo waukulu chotere umawonjezera chiopsezo choti mtima uzigunda mosokonekera.

Safunsa anadya phula. Musanagule makapisozi, kaonaneni ndi a chipatala, makamaka ngati:

- mumamwa warfarin, aspirin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana;
- mukuyembekezera opaleshoni;
- mtima wanu umagunda modumphadumpha;
- muli ndi pakati. Mafuta a chiwindi cha nsomba, otchedwa cod liver oil, ali ndi vitamini A wochuluka amene angavulaze mwana m'mimba.

Chenjeraninso ndi ogulitsa oyendayenda amene amalonjeza kuti botolo lawo litsuka mitsempha kapena lithetsa BP. Ndalama ya botolo limodzi ingagulire banja lonse usipa wa milungu ingapo.

9. Amayi, ana ndi odwala

Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa ayenera kukhala woyamba kugawiridwa nsomba, chifukwa DHA amamanga ubongo ndi maso a mwana, makamaka m'miyezi itatu yomaliza ya pakati ndi m'zaka ziwiri zoyamba za moyo. Nsomba zazing'ono n'zabwino kwa iye. Zoyenera kupewa ndi zikuluzikulu za m'nyanja zamchere, monga shaki, swordfish ndi marlin, zimene zimakhala ndi mercury wambiri.

Mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6. Kuyambira pamenepo, pitirizani kuyamwitsa ndipo yambani kumupatsa phala la ufa wa nsomba kapena mnofu wochotsa minga bwinobwino. Msuzi wokha, bambo akudya mnofu, sukwanira.

Amene amatuluka ziwengo, kutupa milomo kapena kubanika akadya nsomba, asadye, ndipo akafotokoze kuchipatala. Odwala nyamakazi ya gout ndi odwala impso afunse muyeso wowayenera.

10. Zina zimene mtima umafuna

Nsomba sizingagonjetse fodya. Siyani kusuta, chepetsani mowa ndi zakumwa zotsekemera, ndipo gwirani ntchito yotulutsa thukuta kapena yendani mwandawala mphindi 30 masiku ambiri a sabata. Kayezetseni BP kamodzi pachaka ngakhale simukudwala. M'zipatala za boma kuyezako n'kwaulere. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo maulendo angapo, mufunika chithandizo.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, munthu akaonetsa chimodzi mwa izi:

- pakamwa kapena nkhope kukhota mwadzidzidzi;
- dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka;
- kulephera kulankhula kapena kulankhula zosamveka;
- chifuwa kuthina kapena kulemera, ululu n'kumafika kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada;
- kubanika ndi kutuluka thukuta lozizira.

Musadikire kuti kuche, ndipo musamumwetse kanthu munthu amene akulephera kumeza. Ola lililonse lotayika pakhomo limapha mbali ina ya ubongo kapena ya mtima imene sidzabwereranso.

Mafunso okambirana pagulu

1. Sabata yathayi, banja lanu ladya nsomba kangati, ndipo zinaphikidwa motani?
2. Pakhomo panu, ndani amalandira gawo lalikulu la ndiwo? Nanga mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono amalandira chiyani?
3. Paketi ya mchere imatha masiku angati kwanu? Gawani kulemera kwake ndi masikuwo komanso ndi chiwerengero cha anthu, muone ngati aliyense akupitirira magalamu 5 patsiku.
4. Ndani m'banja mwanu wa zaka zoposa 25 amene sanayezetsepo BP, ndipo apita liti?